Mendulo pacifuwa, loko pakamwa

Pali mtundu wa nkhani umene wafala pa mafoni masiku ano, pa Wattpad, pa Kindle na m'mafilimu. Msilikali wabwela ku nkhondo, mwendo kulibe olo nkhope inapsa, tulo sagona, citseko cikangomenyeka adzigwetsa pansi. Ndiye pabwela mwamuna mnzake, mwina nesi, mwina mnzake wakale wa ku sukulu, amukonda, akhala naye mpaka msilikali uja ayambanso kudya na kuseka. Nkhani zaconco zikafika m'magulu athu a pa WhatsApp, anthu amagawika pawili. Ena amalavula, ati n'zonyansa za azungu, cotsani. Ena amawelenga mwakabisila mpaka mbandakuca, n'kukhulupilila kuti cikondi cokha cicilitsa munthu. Ife titsutsa onse awili, koma kulakwa kwawo sikufanana. Aciwiliwa anamizidwa na buku lokoma. Oyambawo agwilila maganizo amene anaononga miyoyo ya anthu enieni, ndipo maina awo alipo.

Tiyambe na olavula. Mukamba kuti nkhani izi n'zopeka, kuti wina anangozikhalila pa laputopu pofuna kuononga ana athu. Tiyeni ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, m'caka ca 1917, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati. Kumeneko kunali cipatala cochedwa Craiglockhart, kumene anali kutumiza maofisala amene nkhondo inawasokoneza mutu. Matenda amenewa anali kuwachula kuti shell shock. Ena anali kunjenjemela osaleka, ena anagwidwa cibwibwi, ena analekelatu kukamba, ndipo usiku m'makolido munali kumveka kukuwa kwa amuna aakulu amene alota anzawo amene anafa. Pofika kumapeto kwa nkhondo, gulu la asilikali la Britain linali litalemba anthu pafupifupi 80,000 odwala conco.

Mu June caka cimeneco munalowa mnyamata wa zaka 24, Wilfred Owen. Bomba linamuponya m'mwamba ku France, ndipo anakhala masiku angapo m'dzenje pafupi na zidutswa za thupi la ofisala mnzake. Anafika na cibwibwi, kunjenjemela na maloto oipa osamuleka. Mu July munalowa Siegfried Sassoon, wa zaka 30, amene anali na mendulo ya Military Cross cifukwa ca kulimba mtima, ndipo anali atalasidwa cipolopolo mu April. Iye analemba kalata yapoyela yotsutsa kupitiliza nkhondo, ndiye akuluakulu anaona kuti n'capafupi kumucha wodwala mutu kusiyana na kumuzenga mlandu. Sassoon anali mwamuna wokonda amuna anzake, ndipo zimenezi anadzilembela yekha m'mabuku ake a tsiku na tsiku. Mu August, Owen anagogoda pa citseko cake atanyamula mabuku a ndakatulo za Sassoon kuti amusainile.

Zimene zinatuluka m'kugogoda kumeneko zili pa pepala mpaka lelo. Sassoon anamulimbikitsa kulemba za nkhondo mmene anaionela na maso ake, matope na magazi omwe. Pa mapepala a ndakatulo ya Owen yochedwa Anthem for Doomed Youth, pakali kuoneka pamene dzanja la Sassoon linakonza mawu. Mu November 1917 Owen anamulembela kalata yomuuza mosabisa kuti amamukonda. Mnyamata amene analowa m'cipatala na cibwibwi ni amene ana a sukulu ku Britain amaphunzila ndakatulo zake mpaka pano.

Owen anabwelela ku nkhondo ndipo anaphedwa pa 4 November 1918, kutatsala mlungu umodzi cabe kuti mfuti zileke kulila. Sassoon anathandiza kusonkhanitsa ndakatulo zake kuti zisindikizidwe mu 1920. Koma pambuyo pake mng'ono wake wa Owen, Harold, anatenga sizasi na inki n'kudula na kufafaniza mbali zina za makalata a mkulu wake. Musadabwe. Lamulo la ku Britain la 1885 linali kupeleka mpaka zaka 2 za ndende na nchito yakalavulagaga kwa mwamuna wopezeka na mwamuna mnzake, ndipo ndilo linamanga Oscar Wilde mu 1895. Dziko linali kufuna ngwazi, koma ngwazi yodulidwa bwino na sizasi.

Mwina mukambe kuti aja anali alakatuli, anthu ofewa. Nanga Leonard Matlovich? Uyu anali msilikali wa America amene anapita ku Vietnam katatu, anaponda bomba lochela pansi ku Da Nang, anavulala maningi, ndipo anapatsidwa mendulo za Purple Heart na Bronze Star. Mu 1975 anauza akuluakulu ake kuti amakonda amuna, basi anamucotsa nchito. Pa manda ake ku Washington pali uthenga woti usilikali unamupatsa mendulo atapha amuna awili, n'kumuthamangitsa atakonda mmodzi. Nanga Eric Alva? Pa 21 March 2003 anaponda bomba ku Iraq, mwendo wakumanja n'kudulidwa. Anali msilikali woyamba wa America kuvulala kwambili pa nkhondo ija, ndipo Pulezidenti George W. Bush anapita kukamuona m'cipatala. Pa nthawiyo panali lamulo lochedwa Don't Ask, Don't Tell, limene kucokela mu 1994 kufika mu 2011 linacotsa asilikali oposa 13,000 cifukwa ca amene anali kuwakonda. Alva anakamba poyela za iye mwini mu 2007, atacoka kale usilikali. Ku Britain ciletso cinatha mu January 2000, ena atalandidwa kale mendulo zawo, ndipo mu July 2023 nduna yaikulu Rishi Sunak inapepesa m'Nyumba ya Malamulo. Pafupi pompano, ku South Africa ya tsankho, dokotala wa asilikali Aubrey Levin anali kugwilitsa magetsi anyamata amene anakakamizidwa usilikali, ati awacilitse kukonda amuna. Zinali kucitikila mu Ward 22 ya cipatala ca asilikali pafupi na Pretoria.

Zonsezi zinacitika, ndipo palibe anazipeka pa laputopu. Bomba lochela pansi silifunsa kuti ugona na ndani. Amafunsa ni anthu amene anatsala kunyumba, miyendo yonse ili yamphumphu.

Manje timvetsetse bala limene tikamba. Madokotala a maganizo analipatsa dzina lakuti PTSD mu 1980. Munthu akapulumuka cinthu coopsa kwambili, thupi lake nthawi zina limakana kukhulupilila kuti zinatha. Cinthu cija cimabwelanso m'maloto, olo masana ali maso, monga cicitika pompano. Ayamba kupewa malo, fungo na nkhani zimene zimukumbutsa. Akhala chelu nthawi zonse, akwiya msanga, tulo tosakhalitsa. Ambili amadziimba mlandu kuti n'cifukwa ciani iwo anatsala mnzawo n'kufa. Ena amathawila ku mowa, cifukwa botolo silifunsa mafunso. Kale anthu aconco anali kuwacha amantha. Pa nkhondo yoyamba ija, Britain inawombela asilikali ake 306 pa milandu monga kuthawa na mantha, ndipo inawakhululukila mu 2006, iwo atawola kalekale.

Mu 2000, katswili wa za maganizo Chris Brewin na anzake anaphatikiza zofufuza 77 pofuna kuona cimene cipangitsa kuti wina adwale PTSD pamene mnzake wapulumuka. Pa zinthu zimene zinaoneka zamphamvu kwambili panali kusowa anthu omucilikiza pambuyo pa ngozi. Makolo athu anacikamba kale m'mawu ocepa, ati mutu umodzi susenza denga. Ndiye ganizilani msilikali amene munthu womucilikiza, amene amamudzutsa akayamba kukuwa usiku, amene amamusambika cigonthi ca mwendo, ni mwamuna mnzake, m'dziko limene kuchula munthuyo ni mlandu. Dokotala amufunsa kuti kunyumba akhala na ndani, iye anama. Amufunsa kuti ni ndani angaitanidwe zikavuta, iye apeleka nambala ya amalume amene sanaonane zaka zisanu. Cithandizo ca bala ili cimayenda pa kukamba zoona, pang'onopang'ono, kwa munthu amene umukhulupilila. Ngati ciganizo coyamba m'cipinda ca dokotala ni bodza lodzitetezela, zotsalazo ziyenda bwanji? Apa m'pamene tikamba kuti lamulo na citonzo zimavulaza munthu kaciwili. Mdani anamucotsa mwendo, ife timucotsa womugwila dzanja.

Tidziwa yankho limene libwela: izi n'za azungu, si cikhalidwe cathu. Cabwino, tiyeni tifunse cimene cinabwela na azungu. Ndime 155 ya Penal Code yathu sinalembedwe pa bwalo la mfumu iliyonse ya kuno. Ni lamulo la atsamunda a ku Britain, la m'ma 1930, pamene dziko lino linali Northern Rhodesia. Eni ake ku England anayamba kulitaya mu 1967. Ife tinalisunga, ndipo mu 2005 tinaliwonjezela mano, cilango n'kuyambila pa zaka 15. Mu 2019 amuna awili a ku Kapiri Mposhi anapatsidwa zaka 15 zimenezo, n'kudzakhululukidwa na Pulezidenti Edgar Lungu mu 2020. Pamene ife tigwilila lamulo la mtsamunda monga cuma ca makolo, Mozambique inacotsa lake mu 2015, khoti ya ku Botswana inaligwetsa mu 2019, Angola mu 2021, khoti ya ku Namibia mu 2024. Onsewa tigawana nawo malile. Kodi onse asanduka azungu?

Yankho lina n'lakuti ndife dziko la Cikhristu, monga analengezela Frederick Chiluba mu 1991. Ife sitikuuzani kuti musinthe cimene mukhulupilila, ndipo a pa guwa adzapitiliza kulalikila zimene alalikila. Funso lathu n'laling'ono. Munthu ali gone, avutika na maloto, aganiza zodzipha. Pali mmodzi amene amakhala pambali pake. Kodi cikhulupililo canu cikulamulani kuitana apolisi kuti acotse mmodziyo? Fanizo la Msamaliya, limene tonse tinaphunzila tili ana, linakwiyitsa oyamba kulimva cifukwa womanga mabala anali munthu amene iwo anali kumuona wodetsedwa. Amene anali oyela pa maso pa anthu analambalala.

Ena ati usilikali ufuna mwambo, ndipo anthu aconco aononga gulu. Ici cinayesedwa kale. Britain inacotsa ciletso mu 2000, America mu 2011, ndipo magulu awo sanagwe. South Africa inaletsa tsankho laconco m'malamulo ake aakulu a 1996, ndipo asilikali ake anapitiliza kutumidwa ku Burundi, ku Darfur na ku Congo. Cimene ciononga gulu ni msilikali amene ayopa mnzake wa m'hema imodzi kuposa mdani wa kutsidya.

Manje tibwele kwa inu anzathu amene muwelenga nkhanizi mpaka batili kutha. Sitikunyozani. Muli na mtima umene olavula aja alibe. Koma mabuku ambili amene mukonda amakunamizani pa cinthu cimodzi cacikulu. Mumaona msilikali akuwa usiku pa mutu 3, apsompsonwa pa mutu 12, ndipo pofika mutu 20 maloto atha, botolo lataidwa, onse aseka pa gombe la nyanja. PTSD sikutha conco. Bwelelani kwa Owen. Pambali pa Sassoon panali dokotala wake, Arthur Brock, amene anali kukhulupilila kuti wodwala acila mwa kugwila nchito na kubwelela pakati pa anthu. Ndiye anamupatsa Owen nchito yoyang'anila magazini ya cipatala yochedwa The Hydra, ndipo anamutumiza kukaphunzitsa ana pa sukulu ina ya mu Edinburgh. Sassoon naye anali na dokotala wake, W. H. R. Rivers, amene anali kukhala naye pansi n'kumumvetsela, pa nthawi imene madokotala ena anali kugwilitsa odwala magetsi kuti aleke cibwibwi. Cikondi cinapatsa Owen cifukwa codzukila m'mawa. Koma panalinso dokotala, nchito, cakudya, bedi na miyezi yopumula. Ndipo ngakhale zonsezo zinalipo, Sassoon anakhala na nkhondo m'mutu moyo wake wonse, akuilemba mobweleza mpaka ukalamba. Amene afuna kuiona bwino nkhaniyi angafunefune buku la Pat Barker lochedwa Regeneration la mu 1991, olo filimu ya Terence Davies yochedwa Benediction ya mu 2021.

Bodza lakuti cikondi cokha cikwana lili na ngozi ziwili. Yoyamba igwela wodwala. Akaona kuti ali na munthu womukonda koma akali kukuwa usiku, ayamba kuganiza kuti iye ndiye wolephela, kuti sangacile. Yaciwili igwela wokondayo. Asenza yekha nchito ya dokotala, ya nesi na ya mlonda, ndipo zikakanga adziimba mlandu kuti cikondi cake n'cocepa. Nthawi zina wodwala amamenya, ndipo buku limauza womenyedwa kuti apilile cabe cifukwa mnzake anavutika ku nkhondo. Iyai. Bala la m'maganizo lifotokoza ukali, koma silipatsa munthu cilolezo comenya mnzake, kaya mnzakeyo ni mkazi kaya ni mwamuna. Pali njila zocilitsila zimene bungwe la WHO linavomeleza mu 2013, monga CBT yolunjika pa ngoziyo na ina yochedwa EMDR. Zimafuna munthu wophunzila nchitoyo. Wokondedwa angakupelekeze mpaka pa citseko, angakuyembekeze panja, koma sangalowe m'malo mwa wophunzilayo. Ndipo kwa amuna awili amene abisala, ngozi ziwilizi zimakula, cifukwa wosamalila alibe apongozi, alibe a ku chalichi, alibe olo mnzake wa ku nchito amene angamuuze kuti watopa.

Mwina wina afunse kuti zonsezi zitikhudza bwanji ife a ku Matero, ku Chawama olo ku Kapata. Nkhondo imene inapha Owen inathela pa nthaka yathu. Mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anatula zida ku Abercorn, imene lelo ni Mbala, pa 25 November 1918. Makolo athu zikwizikwi anasenza katundu wa nkhondo imeneyo pamutu monga amtengatenga, ambili n'kufela m'njila, ndipo iwo analibe Craiglockhart yowalandila. Pa nkhondo yaciwili asilikali a Northern Rhodesia Regiment anafika mpaka ku Burma. Mu May 2000 asilikali athu osungitsa mtendele ku Sierra Leone anagwidwa ukapolo na zigawenga za RUF. Kucokela mu 2015 anyamata na atsikana athu akhala akutumidwa ku Central African Republic. Anthu amenewa amabwelela m'makomboni mwathu, akhala nafe m'minibasi, amwa nafe pa bala. Ndipo mabala a m'maganizo si a asilikali okha. Amagwila wopulumuka ngozi ya basi pa Great East Road, wa mu mgodi amene anaona mnzake akwililika, wogwilidwa, wothawa nkhondo amene akhala ku Meheba olo ku Mantapala.

Kodi timawalandila bwanji? Timawauza kuti mwamuna salila. Dzina la Chainama talisandutsa citonzo ca pa msewu, cakuti munthu ayopa kupita kukafuna thandizo kuopa kuchedwa wofuntha. Lamulo latsopano la za umoyo wa maganizo linabwela mu 2019 kulowa m'malo mwa la atsamunda, koma pakamwa pathu pakali lakale. Apa m'pamene nkhani ziwilizi zikumana. Mawu amene timanyozela mwamuna wolila ni amodzimodzi amene timanyozela mwamuna wokonda mwamuna: ati wasanduka mkazi. Conco mnyamata aliyense, olo amene ali na mkazi na ana atatu, aphunzila kuti kugwila mnzake dzanja pa malilo, kumuuza kuti usiku sagona, kulila pa phewa lake, n'kudziika pa ngozi yochedwa dzina lija. Cidani cimene tiganiza kuti tiponyela anthu ocepa cimatseka pakamwa amuna onse. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Ndiye tifuna ciani? Kwa olemba, kuphatikizapo acicepele athu amene ayamba kulemba nkhani pa Facebook, tikuti lembani cikondi ca amuna awili ngati mufuna, koma muikemo dokotala, muikemo tsiku limene wosamalila watopa, muikemo maloto amene abwelanso patapita zaka. Nkhani yoona ikoma kuposa yonama. Kwa a zaumoyo, tikuti cimene wodwala wakamba m'cipinda cikhale ca m'cipinda, ndipo amene wodwala wamuchula kuti ndiye womusamalila aloledwe kukhala pambali pa bedi popanda kufunsidwa kuti ni ndani wake. Kwa ife a pa mawailesi a m'madela, tikuti woimba foni akayamba kutukwana anthu awa pa mphepo, tisamaseke naye pofuna kuti pulogilamu ikome, cifukwa sitidziwa amene amvetsela ali yekha m'cipinda. Kwa aphungu amene tinawasankha, tikuti ndime 155 si yopatulika, inalembedwa na anthu ndipo anansi athu anaonetsa kuti ingafafanizidwe dziko osagwa. Kwa inu anyamata a pa kona, mnzanu akakuuzani kuti sagona, musamugulile cabe botolo lina. Mufunseni, mumvetseleni, mumupelekeze ku kiliniki.

Caka ciliconse mu November akuluakulu amaika nkhata za maluwa pa cipilala ca asilikali mu Lusaka, malipenga alila, onse akhala cete kwa kanthawi. Kulemekeza msilikali wakufa n'kosavuta, cifukwa wakufa sakonda munthu amene ife sitimufuna. Mayeso ali pa wamoyo, amene wabwela na ndodo, na maloto ake, na munthu wake. Ngati tingamuveke mendulo pacifuwa, ticotsenso loko imene tamuika pakamwa.